Madigiri Awiri ndi Mchere wa a Dzimbiri

Lolemba

Ana apita! Ndawakweza galimoto ya m'mawa, ulendo wa ku Lisungwi kwa achemwali anga. Tadala walira pang'ono. Mng'ono wake sanacheuke n'komwe. Tambala ndamusungitsa kwa a neba. Wailesi ndaitsekera m'kabati. Sabata ino m'nyumba muno mukhala zii.

Chifukwa chake: mayi a Tadala ali ndi ntchito ziwiri za kusukulu, zonse zofunika Lachisanu. Munthu mmodzi, madigiri awiri a masitazi nthawi imodzi! Ina ya zosamalira anthu, yomwenso ndi ntchito yawo ku ofesi. Ina ya zaumoyo. Zonse pa intaneti. Chaka chatha nditafunsa kuti bwanji osamaliza kaye imodzi, anati: "Kumudzi vuto silibwera lokha. Ukapeza matenda, mkangano uli pakhonde. Ukapeza mkangano, wina m'nyumbamo akudwala." Ndinagwedeza mutu ngati ndamva.

Iwo atenga tchuthi ku ofesi. Ine ndatenga nyumba. Malamulo:

- Kuphika: ine.
- Kuchapa: ine (zoyera zidikire).
- Foni yawo: m'thumba mwanga. Andipatsa okha.
- Aliyense wofika pageti: akumana ndi ine.

Lomalizali ndiye lalikulu. Anthu a ku Neno kuno sasiyanitsa ofesi ndi nyumba ya munthu. Mwana wakana sukulu, mwamuna wagona kunja, mlamu walanda munda: onse pageti pathu, ngakhale Lamulungu. Koma sindikuopa. Maphunziro a zosamalira anthu amachitika madzulo, laputopu ili pathebulo, ine ndili pambali kusenda mbatata. Ndamva onse. Mvetsera. Usaweruze. Sunga chinsinsi. Kodi pali chinanso? A zaumoyo amachitika Loweruka masana, nthawi ya mpira, ndiye amenewo anandipita. Sindikukhulupirira kuti muli zambiri.

Amene ndabweza lero: amayi a mvano, wogulitsa manachesi (ndagula kaye), ndi bambo wina amene mbuzi za mlamu wake zikumudyera chinangwa. Ameneyu ndamumvetsera, sindinamuweruze, wapita akukanda mutu. Mlandu woyamba watha!

Sitolo yanga ya zipangizo zomangira ndatsegula mochedwa. Palibe kanthu, misomali sithawa.

Nyemba zapserera pang'ono. Mayi a Tadala adya osadandaula, maso ali pa laputopu. Ndikanawapatsa utuchi akanadyanso.

Lachiwiri

M'mawa ndikusesa pakhomo monyang'ama, kabaza waima pageti. Watsika mkulu wina: jekete la suti, chipewa, ndodo, jumbo m'manja. Dzina lawo a Dzimbiri, achokera ku Matandani. Akufuna "mayi aja a ku ofesi, amene anabwera kwathu akazi anga atamwalira, n'kukhala pamphasa kundimvera mpaka dzuwa kupendeka."

Ndawauza kuti mayiwo achokapo, koma wachiwiri wawo ndine. Pawindo laputopu ikumveka kuti te-te-te. Ndatsokomola mwamphamvu kuti asamve. Ndawanyamulira jumbo, ulendo wa kusitolo.

Ndawakhazika pa chitini cha penti, ine pa chinzake. Ndapendeketsa mutu monga amachitira eni ntchito.

Nkhani yake ndi iyi. Amakhala ndi mwana wawo Mariko. Kwa miyezi tsopano mkazi wa Mariko akuwapatsa ndiwo zopanda mchere. Enawo akudya zokoma, iwo kambale kawokawo ka madzimadzi. Mchere amaubisa kuchipinda. "Ndipo mwana wanga," atsitsa mawu, "mkazi akayamba kuthawa mchere, akulu amati pali chimene wachita."

"Ndikumva kuti mwakhumudwa," ndatero, monga amanenera aphunzitsi a pa laputopu.

"Ukumva, inde. Si uli ndi makutu?"

Zimene ndapeza:

- nkhanza kwa okalamba
- kumana munthu chakudya (mchere ndi chakudya)
- mwinanso zina zosalembeka

Chithandizo: chipisi cha pachiwaya, kanyenya wa mbuzi, mchere ndi tsabola pambali. Athira. Alawa. Athiranso. Misozi mbwembwembwe! Sindinaonepo munthu akuchira msanga chonchi. Eti ntchito imeneyi anthu amaiphunzirira zaka?

Madzulo akana kubwerera. "Kumeneko ndidzapita ndili m'bokosi." Akuti asauzidwe aliyense, ngakhale mbusa. Chinsinsi ndi chinsinsi. Kuseri kwa sitolo, kosungira katundu, kuli matiresi a mlonda amene anasiya ntchito. Ndawonjezera bulangete la ana ndi kandulo. Mawa ndiwanyengerera, apita.

Kunyumba funso limodzi lokha: "Kwabwera aliyense?"

"Wa manachesi."

Mpunga wasanduka phala. Ndautcha phala, ndapereka ndi supuni.

Lachitatu

A Dzimbiri ndawapeza atasesa kale sitolo yonse, misomali atasanja potengera kutalika kwake. Akuti anali mmisiri wa matabwa! Akhala kukauntala, akulangiza makasitomala. Wina wabwera kudzagula loko, wapita ndi loko, mahinjesi, ndi malangizo a mmene angakhalire ndi apongozi. Wina amuletsa kugula penti yobiriwira: "Nyumba si sukulu." Kunena zoona sitolo yanga sinasangalatsepo chonchi. Za kuwanyengerera ndaziika mawa.

Kadzutsa: tiyi, mbatata, mtedza wokazinga wa mchere. Nkhomaliro: usipa wouma. Ndawagulira kabotolo kawokawo ka mchere. Akuyenda nako m'thumba la jekete ngati foni.

Masana zavuta. Njinga yamoto yaima pakhomo pa sitolo, watsika bambo thukuta lili kamukamu. Mariko! Ndisanaphethire, mkulu uja walowa kale kuseri kwa malata. Munthu woyendera ndodo!

Mariko akuyenda sitolo ndi sitolo, chithunzi pafoni. Maso atupa. "Tafufuza kumunda, kumtsinje, mpaka kumanda kwa amayi." Apa ndamumvera chisoni. Koma lamulo likuti sunga chinsinsi. Kunama sindinaname ayi. Ndangoti: "Achimwene, munthu akasowa, yambani mwafunsa chimene chamuchotsa. Pitani mukafunse akazi anu chifukwa chimene akuthawira mchere."

Wandiyang'ana nthawi yaitali. Nkhope yasintha. Waliza njinga, fumbi kobo!

Ndikuganiza kuti kusukulu zimenezi amati kulozera munthu njira.

Madzulo mayi a Tadala atuluka m'chipinda dzuwa lisanalowe, koyamba sabata ino. Duku lapendekeka, maso ofiira ngati adya tsabola. Akhala pakhonde, miyendo tambalale. Akuti ndime yonse ya za madzi a pachitsime aipeza mu ntchito ya ana amasiye, ndipo sakudziwa kuti yalowamo liti.

"Bambo a Tadala, mwina ndisiye imodzi. Ndinadzikweza."

Mawu amenewa sindinawamvepo pakamwa pawo. Munthu amene anawerenga mabuku ali ndi malungo! Ndawauza kuti sasiya chilichonse, kunja kuno zonse zili m'manja. Ndawasendera nachesi, ndachotsa ndi nthanga zomwe. Atsamira paphewa langa kanthawi, kenako abwerera kuthebulo.

Ndinatsala pang'ono kuulula. Koma munthu wasenza kale mitolo iwiri, ndimusanjikenso nkhalamba?

Lachinayi

Foni ya m'thumba mwanga sikupuma. Ikunjenjemera mpaka ntchafu yachita dzanzi. Ndasuzumira. Mayo! Chithunzi cha a Dzimbiri paliponse:

- gulu la ku ofesi
- gulu la kumpingo
- gulu la makolo a kusukulu
- gulu la amayi ogulitsana zitenje

"Gogo wasowa." Wina akuti anawaona ku Luwani akulunjika kumalire. Wina akuti ayi, ali ku Dambe, anagula nthochi. Wina walemba kale kuti mzimu wawo uuse mumtendere. Anzake amukalipira, wafufuta. Ine ndikuwerenga zonsezi, osowawo ali patsogolo panga akunyambita mchere pachikhatho.

Mnzawo wa mayi a Tadala wa ku ofesi waimba kangapo. Sindinayankhe. Bata ndi bata.

Agogowo kukauntala ndawaletsa. Kasitomala wa loko uja wabweranso: "Agogo a dzulo aja ali kuti? Akufanana ndi a pafoni." Ndamuuza kuti okalamba amafanana. Chitseko cha sitolo ndatseka mbali imodzi.

Dongosolo latsopano: mawa mayi atumize ntchito zawo mwamtendere. Loweruka ndiitane banja lonse kusitolo, ndiliyanjanitse ndekha, kenako ndikawauze mayi a Tadala zonse zitatha bwino. Adzadabwa! Mawu otsegulira ndakonza kale, muli ndi mwambi ndi vesi.

Koma a Dzimbiri lero sakucheza. Akuti mutu ukugunda kunkhongo. Nsapato zakana kulowa, mapazi atupa. Ndawauza kuti n'kunenepa, chakudya chayamba kugwira thupi. Ndawagulira mankhwala a mutu. Akumeza, akuti: "Awa ndiye mankhwala. Osati timapilitsi timene amandimwetsa mpongozi m'mawa uliwonse, tongondiyendetsa kuchimbudzi."

Timapilitsi? M'mawa uliwonse? Izi Lachiwiri sananene.

Ndafunsa kuti n'ta chiyani. "Amandiuza ndani ine? Kuchipatala amalankhula ndi Mariko. Ine ndimangokhala poteropo ngati thumba la chimanga."

Pa zimene ndapeza ndawonjezera: kumwetsa munthu mankhwala mokakamiza. Koma dzanja likulemba monyinyirika. Chinachake chikundinong'oneza kuti nkhani imeneyi inaphunzitsidwa Loweruka.

Kunyumba: ntchito ya zaumoyo yatsala mathero okha, inayo ili pakati. "Mawa ndimaliza zonse, bola bata lomweli. Mwachita bwino, bambo a Tadala." Ndathawira kukhitchini.

Ndaphika mazira poti mazira sapserera. Apserera.

Lachisanu

Bata latha. Latha m'mawa, ndi mawu amodzi pageti: "Ali kuti bambo wa za mchere uja?"

Mayi wamfupi, khanda kumbuyo, chitenje atamanga m'chiuno ngati wopita kukaswa miyala. Mkazi wa Mariko. Kumbuyo kwake Mariko mwiniwake, ndi wakabaza wa Lachiwiri uja akuloza geti lathu ndi mlomo.

Ndayesa: "Mayi, ndikumva kuti mwakwi..." Sindinamalize.

"Chichokereni kwa inu mwamuna wanga sakundilankhula! Mudzi wonse ukundiloza! Apongozi anga ali ndi bipi, mchere analetsa ndi adokotala! Mankhwala awo ndi awa, anawasiya pawindo!"

Chitseko chatseguka. Mayi a Tadala, cholembera kukhutu. Ayang'ana mayiyo. Ayang'ana mankhwala. Ayang'ana ine.

"Ali kuti, ndipo mwawadyetsa chiyani?"

Ndatchula zonse. Nditafika pa usipa atseka maso.

Kusitolo tawapeza atakhala pathumba la simenti, atagwira mutu ndi manja onse, akuti akuona ziphaniphani dzuwa likuwala. Apa kuseka kwandithera. Mayi a Tadala agwada, akuwalankhula pang'onopang'ono: amwetulire, akweze manja onse awiri, atchule dzina la mudzi wawo. Achita zonse, koma movutikira. Kenako kwa ine, osacheuka: "Galimoto. Pompano."

Ndathamanga ndi nkhwaira imodzi, inayo sindikudziwa kumene yatsala. A neba atithandiza ndi yawo. Kuchipatala makina oyezera bipi atafinya mkono, namwino wayang'ana, wayezanso, waitana mnzake. Agonekedwa. Akuti tafika nthawi yabwino. Tikanagonanso ikanakhala nkhani ina. Mariko wakhala pansi pakhonde la wodi, chipewa kumaso. Mkazi wake wakhala pambali pake. Sakulankhulana, koma khanda wampatsira.

Tsiku lonse pabenchi. Foni ndabweza osapemphedwa. Mayi a Tadala alembera aphunzitsi onse awiri kupempha nthawi. Wa zaumoyo wayankha: mpaka mawa madzulo. Wa zosamalira anthu: zii.

Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Angoti: "Chinsinsi chimathera pamene moyo wa munthu uli pachiswe. Linali phunziro lachiwiri lenilenilo."

Ndiyenera kuti ndinali nditatuluka kukataya makoko.

Namwino, poona thukuta langa, wati ndibweretse mkono. Makina afinya. Wagwedeza mutu. Akuti ndibwerenso Lolemba, ndipo chipisi, kanyenya ndi mchere ndiyambe ndasiya kaye. Ine? Ine ndinangoperekeza!

Loweruka

A Dzimbiri atsitsimuka. Akunyoza phala la kuchipatala ndi mmene anakhomera mabedi. Mayi a Tadala akuti chimenecho ndi chizindikiro chabwino.

Masana, pansi pa mtengo kunja kwa wodi, msonkhano umene ndinakonza ine wachitika, koma wopanda mwambi wanga, wopanda vesi langa. Ntchito yanga: kunyamula khanda. Mpira wandipita.

Ndaonerera. Mayi a Tadala salankhula zambiri. Afunsa kamodzi, n'kukhala chete. Chete wautali, woti ine ndikanathiramo kale nthano ziwiri. Ndiye zinthu zikutuluka zokha.

A Dzimbiri: nkhani si mchere wokha. Chimwalirireni akazi awo amadya okha pakhonde, enawo akuseka m'nyumba. Kenako kambale kaja kanasiyanso kukoma, popanda wowauza chifukwa.

Mariko: iye ankayesa kuwapatula ndi ulemu. Za bipi ankaopa kuwauza, angade nkhawa.

Mkazi wake: mchere anabisa atawapeza akunyambita kukhitchini. "Ndinkaopa kuti mukagwa, anthu adzati ndi ine." Walira. Khanda lalira nalo, paphewa panga.

Mkulu uja wayang'ana pansi, akukanda dothi ndi ndodo. "Ine ndimayesa mwatopa nane."

Nane ndayang'ana kumbali, m'maso mwalowa kachitsotso.

Kenako mayi a Tadala atembenuza mpando, ayang'anizana ndi a Dzimbiri, osati Mariko. Afotokoza za bipi ndi payipi ya madzi: payipi yakalamba, madzi achuluka mphamvu, tsiku lina iphulika pamene yafooka. Mchere umawonjezera madziwo, timapilitsi timawachepetsa. Mmisiri wagwedeza mutu: "Nanga osanena kalekale bwanji?"

Agwirizana: mphika umodzi, mchere pang'ono kwa onse, mphasa imodzi. Kuchipatala azilankhula okha, Mariko azingomvera. Pamenepo ndaona madigiri awiri aja akukoka pamodzi ngati ng'ombe pangolo. Theka la digiri langa lakhala phee ndi khanda.

Ndapepesa kwa mkazi wa Mariko, chipewa m'manja, pamaso pa onse. Wandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Ndamva. Koma mubwere ku Matandani mudzanenenso zomwezo anthu akutuluka m'tchalitchi." Ndavomera. Ndikanatani?

Madzulo ntchito ya zaumoyo yapita! Netiweki inayamba yakana. Ndakwera pachulu cha kuseri, foni m'mwamba ngati ndikupereka nsembe, iwo pansi ndi laputopu akukuwa kuti ndisasunthe. Yapita.

Wa zosamalira anthu wayankha: sabata imodzi, osapitirira.

Lamulungu

Kutchalitchi alengeza kuti gogo wosowa uja wapezeka, "ndipo m'bale wathu wina ndi amene anawasunga." Ena aomba m'manja. Ena, amene akudziwa, acheuka. Ine maso m'buku la nyimbo.

A Dzimbiri atulutsidwa. Adokotala akufuna kuwaonanso pakati pa sabata, ndipo msewu wa ku Matandani si woyendamo kawirikawiri ndi munthu wodwala, ndiye agona kwathu. Mkazi wa Mariko watsala kuti aziwasamalira. Khanda latsala ndi mayi wake. Khanda likumera mano. Mariko wabwera kudzatsanzika, wakhala pampando, sakudzuka. Masana afika achibale ena kudzazonda, ndi nkhuku yamoyo. A Dzimbiri apeza kuti chitseko cha kubafa chinakhomedwa molakwika, apempha hamala.

Pakati pa zonsezi mayi a Tadala ali pathebulo, khanda pamiyendo, zala zikuthamanga pa laputopu ngati mvula padenga. Akuti phokoso silinawavutepo, analizolowera ku ofesi. Chimene chimawasokoneza sabata yonse ndi kuganiza kuti kodi ine ndili zii chonchi ndikuchita chiyani.

Ndafunsa mwaulemu za dongosolo la sabata yamawa. Asiya kulemba. Andigwira dzanja, mokoma ndithu.

"Bambo a Tadala, ndinu munthu wabwino. Chonde, musandithandize."

Chabwino.

Kukhitchini andichotsanso, waphika ndi mkazi wa Mariko. Nyemba sizinapserere. Mphika umodzi, mchere wongodutsa pafupi. Takhala tonse pamphasa, mbale yanga pafupi ndi ya a Dzimbiri. Ndalawa. Ndatafuna nthawi yaitali, kufunafuna. Mulibe.

Ndawanong'oneza: "Agogo, kodi zimazolowereka?"

"Ayi."

Tadya.